Kutsuka Cithunzi: Kucokera m'Cipinda ca Mdima Kufika pa Kompyuta

Tafunsani amai kapena agogo anu za cithunzi cao ca ukwati. Ambiri adzakuuzani kuti wojambula anafika pa njinga, kamera ili lende pakhosi, najambula, nabwerera kwao. Cithunzico cinaoneka patapita mlungu umodzi kapena iwiri, pakuti filimu inafunika kuyamba yatha, ndipo pambuyo pake ipite m'tauni kukatsukidwa. Inu a masiku ano mungodina foni ndi kuona nkhope yanu nthawi yomweyo. Mwina muganiza kuti nchito yotsuka zithunzi inapita pamodzi ndi filimu.

Nchitoyo ikalipo. Cimene cinasintha ndi malo ake: kale inali kucitikira m'cipinda ca mdima, lero icitikira mkati mwa kamera kapena pa kompyuta. Kuyambira kale, pakati pa kuwala kolowa m'kamera ndi cithunzi cimene mugwira m'manja pamakhala wina wosankha: apa pawale, apa pade, khungu lioneke motere. Mukadziwa mbiri ya wosankhayo mudzajambula bwino, ndiponso simudzanamizidwa msanga ndi zithunzi za anthu ena.

Cithunzi coyamba cinatsukidwadi

Cithunzi cakale koposa cojambulidwa ndi kamera cimene cikalipo ndi ca Nicéphore Niépce wa ku France, ca m'caka ca 1826 kapena 1827. Iye anapaka phula pa mbale ya citsulo, naiika m'kabokosi koloza pa zenera la nyumba yake. Kwa maola osacepera 8, kuwala kunali kuumitsa phula pamalo ponse pamene kunagunda. Atacotsa mbaleyo anaitsuka ndi mafuta kuti phula losauma licoke, ndipo madenga a nyumba anaoneka. Lero mbale imeneyi isungidwa pa yunivesite ya Texas ku America. Mwaona kodi? Liu lathu lakuti "kutsuka" silinaphonye ai.

Mu 1839 njira yofulumirapo ya Louis Daguerre, nayenso wa ku France, inalengezedwa. Zithunzi zake zinali pa mbale za mkuwa zokutidwa ndi siliva, ndipo zinali zooneka bwino kwambiri. Bvuto linali lakuti cithunzi cinali cimodzi cokha. Wofuna caciwiri anayenera kujambulitsanso.

Amene anatsegula njira imene tikutsata m'nkhani ino ndi William Henry Fox Talbot wa ku England. Mu 1835 iye anajambula zenera la nyumba yake pa pepala lopakidwa mankhwala, koma zonse zinatuluka motembenuka: zoyera zinada, zakuda zinayera. Ataika pepalalo pamwamba pa lina ndi kuliyanika padzuwa, zinthu zinabwerera m'malo mwake, ndipo anatha kupanga zithunzi zambiri kucokera ku pepala limodzi. Mnzake John Herschel ndiye anapatsa pepala lotembenukalo dzina lakuti negativu. Mu 1840 Talbot anapezanso cinthu cina codabwitsa. Pepala limene laona kuwala kwa kanthawi kocepa limaoneka ngati mulibe kanthu, koma cithunzi cimakhala cilimo, cobisika, kudikira mankhwala ocitulutsa. Sungani mfundo imeneyi m'mutu, pakuti tidzakumana nayonso tikafika pa kompyuta.

Manegativu a pepala anafika ngakhale kuno kwathu. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa mtsinje wa Zambezi umene unayamba mu 1858, dokotala John Kirk anajambula pa mapepala opakidwa sera, natsuka yekha m'dziko lotentha, kutali ndi sitolo iliyonse ya mankhwala. Zithunzi zake zili pakati pa zakale koposa za cigwa ca Zambezi.

Njira ziwiri

Kwa zaka pafupifupi 50, wojambula anayenera kukhalanso katswiri wa mankhwala. George Eastman wa ku America anasintha zimenezi mu 1888 ndi kamera yake yochedwa Kodak. Inali kugulidwa madola 25, ili kale ndi filimu ya zithunzi 100. Filimu ikatha, mwini anali kutumiza kamera yonse ku fakitale ya ku Rochester, kumene anali kutsuka zithunzi ndi kuikamo filimu ina. Lonjezo la kampani linali lakuti inu mungodina batani, zotsala ndi zao.

Kuyambira pamenepo njira zinakhala ziwiri. Anthu ambiri anasiyira fakitale kapena situdiyo kusankha maonekedwe a cithunzi. Ocepa anasunga negativu ndi kulowa nayo okha m'cipinda ca mdima. M'menemo munali nyale yofiira, mabeseni a mankhwala ndi makina ounikira negativu pa pepala. Wotsuka akafuna kuti nkhope isade, anali kuchinga kuwala ndi dzanja lake pamalopo kwa masekondi angapo. Akafuna kuti mitambo ioneke bwino, anali kuonjezera kuwala pa thambo pokha. Inali nchito ya kuyesa ndi kubwereza, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmodzi wa akatswiri a nchitoyi anali Ansel Adams wa ku America, amene paunyamata wake anaphunzira kuliza piyano. Iye anali kuyerekezera negativu ndi nyimbo yolembedwa pa pepala, ndipo cithunzi cotsukidwa anaciyerekezera ndi kuimba kwa nyimboyo. Inu a m'kwaya mudziwa kuti nyimbo imodzi imamveka mosiyana malinga ndi oimba. Mu 1941 Adams anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico. Kucokera ku negativu imodziyo anatsuka zithunzi zoposa 1,000 m'zaka zambiri, ndipo m'kupita kwa nthawi anali kudetsa thambo koposa poyamba. Sanaonjezere nyumba kapena kucotsa mtengo. Anangotulutsa mwa njira ina zimene zinalimo kale.

Nanga amene anasiyira fakitale? Iwo analandira cosankha ca munthu wina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi za mitundu anali kulinganiza makina ao poyang'ana khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi mkazi wa khungu loyera, khadi limene linadziwika ndi dzina lakuti Shirley. Khungu la mkaziyo likaoneka bwino, makina anali kuyesedwa abwino. Khungu lakuda silinali muyezo, ndipo nthawi zambiri linali kutuluka bii, maso ndi mano okha ndiwo kuoneka. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadza pakati pa zaka za m'ma 1990. Mukaona cithunzi cakale ca pabanja panu cimene nkhope sizioneka, musafulumire kunena kuti wojambula anali wosadziwa nchito.

Cipinda comweco cinathanso kunama. Ku Soviet Union kunali cithunzi ca Joseph Stalin akuyenda m'mbali mwa ngalande ya madzi pamodzi ndi Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi acinsinsi. Yezhov ataphedwa mu 1940, cithunzico cinatulukanso iye palibe. Pamalo pake panali madzi. Dziwani tsono kuti bodza la m'zithunzi ndi lakale kuposa kompyuta.

Kamera yopanda filimu

Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs ku America anapanga kacipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi, kholo la cimene lero ticha sensa. Mu 1975 Steven Sasson, injiniya wacinyamata wa kampani ya Kodak, anamanga kamera yopanda filimu. Inali kulemera makilogalamu 3.6, cithunzi cake cinali ca timadontho 10,000 cabe, cakuda ndi coyera, ndipo inatenga masekondi 23 kucilemba pa kaseti yonga ya nyimbo.

Sensa ili ngati bwalo lodzaza ndi timabeseni mamiliyoni toikidwa pamvula. Kabeseni kalikonse kamangodziwa kuculuka kwa kuwala kumene kagweramo. Mtundu wake sikaudziwa. Bryce Bayer, nayenso wa ku Kodak, anapeza mankhwala a bvutoli, ndipo nzeru yake inalembetsedwa mu 1976. Anaika kagalasi ka mtundu pamwamba pa kabeseni kalikonse: pa timabeseni tinai, tiwiri tobiriwira, kamodzi kofiira, kamodzi kabuluu. Tobiriwira tinaculuka cifukwa diso la munthu limamva kwambiri mtundu umenewu. Makamera ambiri ndi mafoni akali kutsata dongosolo lomweli.

Cotero cimene sensa imalemba si cithunzi coti n'kuona. Ndi mndandanda wa manambala. Failo yosunga manambalawo monga momwe anacokera pa sensa ichedwa RAW, liu la Cingerezi lotanthauza cinthu caciwisi, cosaphika. Kodi mwakumbukira pepala la Talbot looneka ngati mulibe kanthu? RAW ndiyo negativu ya masiku ano.

Kuti manambala asanduke cithunzi, pafunika kutsuka. Pulogalamu imayang'ana kadontho kalikonse ndi anansi ake kuti ipeze mitundu iwiri imene kakusowa. Kenaka imasankha cimene ciyenera kuoneka coyera, pakuti kuwala kwa kandulo n'kofiirira pamene kwa mumthunzi kumapendekera ku buluu. Imasankhanso kuwala, kuda ndi kuthwa kwa cithunzi. Mukajambula mwa nthawi zonse, kakompyuta ka mkati mwa kamera kamacita zonsezi m'kuphethira kwa diso, n'kusunga zotsatira zake m'failo yaing'ono yochedwa JPEG, imene muyezo wake unakhazikitsidwa mu 1992. Zotsala zimatayidwa.

Zotayidwazo si zocepa. Pa mtundu uliwonse, JPEG imasunga masitepe 256 kucokera pakuda bii kufika poyera mbee. RAW ya makamera ambiri imasunga masitepe 4,096 kapena 16,384. JPEG ili ngati ndiwo zophika kale: mcere ukaculuka, waculuka basi. RAW ili ngati ndiwo zocokera kumene kudimba. Ifuna nchito ndi malo aakulu osungira, koma wophika ndinu. Onani kuti njira ziwiri za m'nthawi ya Eastman zabweranso ndi maina atsopano.

Cipinda ca mdima catsopano

Abale awiri, Thomas Knoll ndi John Knoll, anayamba kulemba pulogalamu yokonzera zithunzi mu 1987, ndipo kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1990 ndi dzina lakuti Photoshop. Caka cotsatira Kodak inayamba kugulitsa kwa atolankhani kamera yopanda filimu yomangidwa pa thupi la Nikon F3. Makamera otere ataculuka, panabuka bvuto: kampani iliyonse inali kulemba RAW m'cinenero cakecake. Mpaka lero Nikon ili ndi NEF, Canon ili ndi CR2 ndi CR3, Sony ili ndi ARW. Ojambula anayamba kuda nkhawa. Negativu ya filimu mungaiyang'ane padzuwa ngakhale patapita zaka 100. Nanga failo imene pulogalamu yake yoiwerenga yafa?

Mayankho anadza kucokera mbali ziwiri. Mu 1997 Dave Coffin wa ku America anayamba kulemba kapulogalamu kochedwa dcraw, kamene m'kupita kwa zaka kanatha kumasulira RAW ya makamera mazanamazana, ndipo anakapereka kwaulere kwa aliyense. Kumbali ya makampani, Adobe inatulutsa Camera Raw mu 2003, nayonso yolembedwa ndi Thomas Knoll, ndipo mu 2004 inalengeza DNG, mtundu wa RAW umene malamulo ake ndi osabisika kuti wina aliyense athe kuuwerenga. Lightroom inatsatira mu 2007. Lero kulinso mapulogalamu aulere monga darktable ndi RawTherapee. Mafoni a Android anayamba kulola RAW mu 2014, a iPhone mu 2016, ngakhale kuti si foni iliyonse imene ili ndi mwai umenewu.

Kodi wotsuka wa lero amacita ciani? Taganizirani ukwati wa mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Mkwatibwi wabvala diresi yoyera, mkwati wabvala suti yakuda. Kamera ikatsata diresi, nkhope zimada. Ikatsata nkhope, diresi imasanduka cibanthu coyera copanda maluwa ake. Wokhala ndi RAW amatsitsa kuwala kwa malo owalitsa mpaka ulusi wa diresi uoneke, nakweza malo akuda mpaka nkhope zioneke ndi khungu lao lenileni. Ngati hema wabuluu wapaka mtundu wake pa nkhope za anthu, amaukonza. Ndi nchito yomwe ija ya dzanja lochinga kuwala, koma tsopano popanda fungo la mankhwala. Cina cabwino n'cakuti mapulogalamu otere sakhudza failo ya RAW. Amalemba malangizo anu pambali, motero mungabwerere poyambira tsiku lililonse.

Komabe RAW si mankhwala a nthenda zonse. Dzanja likagwedezeka pojambula, cithunzi cidzakhala cosaoneka bwino. Malo amene anawala mpaka timabeseni tija kusefukira, mulibenso coti n'kutulutsa.

Negativu ndi mboni

Pamene zida zinafewa, ciyeso cinakula. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza pafupi ndi pafupi kuti akwane pa cikuto, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Mu 2003 Brian Walski wa nyuzipepala ya Los Angeles Times analumikiza zithunzi ziwiri za msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba pa nkhondo ya ku Iraq kuti zikhale cimodzi cogwira mtima. Wina anaona kuti anthu ena akuoneka kawiri m'cithunzico, ndipo Walski anacotsedwa nchito.

Apa m'pamene RAW inapeza nchito yaciwiri. Mu 2013 Paul Hansen wa ku Sweden anapambana mpikisano waukulu wa atolankhani wa World Press Photo ndi cithunzi ca amuna onyamula mitembo ya ana awiri ku Gaza. Ena anamuneneza kuti analumikiza zithunzi zingapo. Akatswiri anayerekezera cithunzico ndi RAW yake, napeza kuti anakonza kuwala ndi mitundu, koma munthu aliyense anali pamalo pamene kamera inamupeza. Mphotho inakhalabe yake. Mu 2015 a mpikisano womwewo anafufuza mafailo oyambirira a amene anatsala pang'ono kupambana, ndipo 20 peresenti ya zopikisana zimene zinafika pamenepo zinacotsedwa kamba ka kusintha kopyola malire. Hansen anapulumutsidwa ndi failo yake. Enawo anatsutsidwa ndi mafailo ao omwe.

Malire ake atolankhani amawadziwa, ndipo inunso mungawagwire mosabvuta. Kutulutsa cimene cilimo ndiko kutsuka. Kuikamo cimene panalibe, kapena kucotsa cimene cinalipo, n'kumauza anthu kuti ndi mmene zinalili, ndiko kunama. Wopanga cithunzi ca luso ali ndi ufulu wosintha mmene afunira, malinga anene poyera. Nkhaniyi yakula koposa tsopano pamene kompyuta ikutha kupanga cithunzi popanda kamera. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana mphotho pa mpikisano wa Sony World Photography Awards ndi cithunzi copangidwa motero, naikana poyera kuti anthu ayambe kukambirana za kusiyana kwa zinthu ziwirizi.

Nanga inu?

Coyamba, sungani coyambirira. Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse cimapanikizidwa kuti cicepe, ndipo cikadutsa m'mafoni angapo cimatha mphamvu. Ngati gulu lanu lili ndi wojambula, asunge mafailo oyambirira pamalo awiri osiyana, olembedwa tsiku ndi cocitika. Foni imabedwa, memori khadi imafa. Mukapeza timapulasitiki takuda m'envulopu ya zithunzi za makolo anu, musataye. Amenewo ndi manegativu, ndipo angathe kukopedwa pa kompyuta n'kutulutsa nkhope zimene pa pepala zinafufuma kale.

Caciwiri, phunzirani kutsuka. Ngati foni kapena kamera imene mungabwereke ili ndi RAW, jambulani cinthu cimodzi m'njira zonse ziwiri ndi kuyesa kukweza malo akuda. Mudzaona nokha kusiyana kwake. Luso limeneli ndi nchito yopezera ndalama pa maukwati ndi pa zikondwerero za omaliza sukulu.

Cacitatu, samalani ndi nkhope. Mafoni ena amasalaza ndi kuwalitsa khungu okha, osakufunsani, ndipo acinyamata ambiri amaonjezera dala. Kwa zaka zambiri makina otsukira sanali kulabadira khungu lakuda. Tsopano zida zili m'manja mwanu zoti lioneke monga lilili, ndi kukongola kwake konse. Kodi n'kwanzeru kuzigwiritsa nchito kulifafaniza? Zidzukulu zanu zidzafuna kudziwa mmene munali kuonekera, ndipo zidzakhulupirira cimene mudzazisiyira.

Pomaliza, cithunzi codzidzimutsa cikafika pa foni yanu, musafulumire kucitumiza kwa ena. Yambani mwafunsa kuti anajambula ndani, liti, kuti, ndiponso coyambirira cake cili kuti.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Bweretsani cithunzi cakale koposa ca pabanja panu. Anajambula ndani, ndipo negativu yake ili kuti?

2. Mnzanu wakupemphani kuti mucotse munthu wina pa cithunzi ca gulu cifukwa anayambana. Mudzamuyankha ciani?

3. Kucotsa ciphuphu pa nkhope, kuwalitsa khungu, kucepetsa mimba: pa zitatuzi, kutsuka kuthera pati ndipo kunama kuyambira pati?